Karezisita ka pa Kathodi

Anthu a mumsewu wawo ankawatcha a Eriyo chifukwa cha mzati wautali wa eriyo ya wayilesi umene anaimika kuseri kwa nyumba. Iwo analibe nazo ntchito. Anapuma pantchito kalekale, ndipo chimene chinawatsalira chinali kachipinda ka wayilesi: tebulo lodzaza mawaya, laisensi pakhoma, ndi ampu ya valavu imene anaipanga okha kuti mawu awo azifika kutali.

Lamlungu lililonse masana ankalankhula pa wayilesiyo ndi achimwene awo, amene ankakhala kudziko lakutali ndipo naonso anali ndi wayilesi yawo. Foni ankaikana onse awiri, poti kuuma mutu kunali kwa m'magazi. Koma chaka chimenecho makutu a achimwene anayamba kugontha, moti nkhani imodzi ankaifunsa mobwerezabwereza. A Eriyo anagwidwa mantha kuti tsiku lina adzaitana koma osamvedwa.

Ndiye anachita zimene munthu wa mawayilesi amachita akapanikizika: anasaka mphamvu. Pansi pa valavu, babu lalikulu lagalasi limene limakweza mawu, pa mwendo wotchedwa kathodi, panali karezisita, kachipangizo kakang'ono kamene kankadyako mphamvu pang'ono. Anakachotsa n'kuikapo waya wachindunji. Singano ya mita yoyezera mphamvu inakwera bwino lomwe, ndipo mlungu umenewo ankayenda m'nyumba chifuwa chili patsogolo.

Sipanapite nthawi, ampu inayamba misala. Inkalira yokha munthu asanalankhule, singano ikuvina, ndipo chitsulo cha m'kati mwa valavu chinkafiira kuti psuu. Valavuyo inali yomaliza, ndipo ya mtundu umenewo siinkapezekanso m'masitolo. Komabe anaumirira nayo milungu ingapo, chifukwa achimwene anali atasiya kudandaula zoti sakumva.

Loweruka lina kunabwera mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amenenso matenda a mawayilesi anamugwira. Atangolowa m'kachipindamo ananunkhiza m'mwamba.

"Alamu, mwayamba kuphikira mu ampu?"

"Khalani pansi, musandisokose."

Mlamuyo anazimitsa ampu, nadikira kuti magetsi atheretu, kenako anaitembenuza n'kusuzumira pansi pake.

"Ka pa kathodi kali kuti?"

"M'kabati. Kamandibera mphamvu."

"Kamaba, inde. Koma valavu ikati ithamange, ndi komweko kamene kamaikoka malaya kuti ifatse. Zimenezi munandiphunzitsa ndinu."

"Ndikudziwa," anatero a Eriyo motsitsa mawu. "Nanga achimwene akapanda kundimva?"

Mlamu uja anasiya kuseka. "Valavu ikapsa, ndiye sadzakumvaninso n'komwe."

A Eriyo anavala magalasi, natenthetsa chitsulo chowotcherera, n'kubwezeretsa karezisita kaja monyinyirika. Atayatsa, singano inatsika ndithu, koma inaima nji. Mtima unawawawa poona mphamvu imene anataya.

Lamlungu masana anakhala pampando, nakanikiza batani la maiki n'kuitana. Kunangomveka phokoso la mphepo. Anaitananso.

"Ndakumva," anatero achimwene, mawu akuchokera kutali. "Ukumveka pansipansi, koma ndakumva. Talankhulanso."

A Eriyo analankhula za mvula ndi za bondo lawo limene linkavuta. Atasiya batani, achimwene anafunsa:

"Kodi wachira?"

"Kuchira chiyani, achimwene? Ine sindinadwale."

"Usandinamize, iwe. Milungu yonseyi mawu ako anali osasa, onjenjemera, ngati mmene ankamvekera bambo atatsala pang'ono kutisiya. Ndimati ukudwala ndipo ukundibisira. Kukufunsa ndimaopa. Ndikazimitsa wayilesi ndimangokhala pampando, ngakhale chakudya osachifuna."

A Eriyo anayang'ana valavu ija ikuyaka mofatsa, ndipo anamva chisoni chachikulu. Munthu amene ankafuna kuti awamve anali atamva zonse, mpaka kumulira mng'ono wake ali moyo. Anagwira maiki, koma anadziwa kuti akayankha msanga mawu anjenjemera zenizeni. Anadikira, napukuta m'maso.

Kenako anakanikiza batani.

"Ndili bwino, achimwene. Inali ampu chabe. Pitani mukadye."