Magazi a kwa Mwakalobo

Mayi wina anatulukira m'nthochi mvula ikuwaza, akutsimphina, kachikwama kali kukhwapa. Sanaodire. Anangoima pakhonde, khutu atalitchera kuchitseko kumene kunkachokera kulira kwa mwana.

"Kuliraku ndi kwa m'mafupa," anatero. "Mukumuthira chiyani?"

Atuganile anali atanyamula beseni la madzi ozizira. Anamuyang'ana mlendoyo: woonda ngati bango, maso achikasu, nkhope yosaulula zaka. Nyengo yokolola koko alendo sasowa ku Kyela, ogula ndi akuba omwe, koma uyu analibe sikelo kapena thumba.

"Ndinu ndani, mayi?"

"Tayani amenewo. Tenthetsani ena."

Likanakhala tsiku lina akanamupirikitsa. Koma Tusajigwe, mwana wake mmodzi yekhayo, anali akulira kuyambira dzulo lake, manja ndi mapazi zitatupa, ndipo panado ankangokhala ngati wamwetsa mwala. Atuganile anasonkha moto.

Mlendoyo analowa kuchipinda ngati kwawo. Anaviika chitenje m'madzi ofunda, nachifinya, nakulunga mawondo a mwanayo. Kenako anayamba kusisita pang'onopang'ono, zala zake zikufika pamalo penipeni ngati ululuwo akuuona ndi maso.

"Apa pakuluma ngati galu, eti?"

Tusa anavomera ndi mutu, misozi ili chuchuchu.

"Galu ameneyo ndimamudziwa, ndi wamantha. Amaopa madzi. Imwa, timumize."

Mwana amene tsiku lonse ankakankha kapu m'manja mwa mayi ake anamwa mpaka kuipendeketsa. Atuganile anamva kansanje, kenako manyazi.

"Musamuzizitse. Ndipo thupi likangotentha musadikire, thamangirani kuchipatala," anatero mlendoyo. Chala chake chinaima pamsana pa mwanayo. "Mphinizi wamutema ndani?"

"Apongozi aakazi. Akuti magazi oipa atuluke."

"Magazi a ndani?"

"Anga." Atuganile anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa ngati ndulu. "Adokotala anati nthenda ya magaziyi, siko selo, mwana amatengera kwa bambo ndi mayi omwe. Apongozi akuti dokotala ndi mwana wadzana, mtundu wawo sunaonepo nthenda yotere. Lero lomwe apongozi aamuna akubwera kudzandiuza tsiku lonyamuka. Ine ndibwerere kwathu ku Tukuyu, ng'ombe zawo za malowolo zibwerere kuno, Tusa atsale."

"Nanga mwamuna?"

Atuganile anayang'ana panja. Lusajo uja, amene ankamukweza panjinga n'kudutsa naye m'minda ya mpunga dzuwa likulowa, amene analumbira kuti ngakhale mtsinje wa Kiwira utasefukira adzausambira kuti amupeze. Masiku ano ankayendetsa njinga yamoto ku Tunduma, ndipo foni yake inkadwala tsiku lomwe mwana wadwala.

"Ali kuntchito," anayankha.

"Amuna a pakhomo pano ululu wa mwana amaumvera kutali."

"Mumawadziwa?"

Mlendoyo analandira mbale ya nthochi zophika, nadya pang'ono, maso ali pazenera.

"Mtengo wa mango unali apo anaudula liti?"

"Ine ndinapeza chitsa. Mwaudziwa bwanji?"

Pomwepo kunamveka chifuwa ndi kugogoda kwa ndodo pabwalo. Anali a Mwakalobo, apongozi aamuna. Mtengwa saonana nawo maso apongozi ake aamuna, ngakhale dzina lawo silituluka pakamwa pake. Atuganile anafunda chitenje kumutu, nagwada kuseri kwa chitseko, nkhope italoza kukhoma.

Mkuluyo anayankhula ndi nyumba, monga ankachitira nthawi zonse.

"Nyumba iyi imve. Loweruka wa m'katimo alongedze. Mwana asiye, agogo ake alipo. Ifetu sitinapereke ng'ombe kuti tigule maliro."

Tusa anayambanso kubuula. Atuganile analuma chitenje kuti mawu asatuluke. Ndani adzamufunditsa usiku wa mvula? Ndani adzamukakamiza kumwa madzi? Kenako anamva phazi lokwekwereza likudutsa pambali pake, chitseko n'kutseguka.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Kunja ndodo inagwa pansi.

"Sindikukudziwani, mayi," anatero a Mwakalobo, mawu atachepa.

"Yang'anitsitsani. Maso awa. Mwendo uwu. Mphini izi munatema ndi lumo lanu lomwe, pansi pa mango."

"Chokani pakhomo panga."

"Ndinachoka kale, munandichotsa ndinu. Munandisiya pachipata cha masisitere ku Mbeya ndili wamng'ono ngati mwana ali m'katimo, munati mukukagula mandasi. Mandasi aja mpaka lero, bambo? Mafuta ake sanatenthe?"

"Mwana wanga anamwalira!"

"Ndinamva. Akuti maliro ake anali abwino, mpunga unatsala. Munakwirira thunthu la nthochi kuti ana anu ena adzakwatire ndi kukwatiwa popanda wonena kuti kwa Mwakalobo kuli nthenda. Ine sindikanabwera. Koma mayi wina wogulitsa mpunga ku Mbeya anandiuza kuti mdzukulu wanu akulira mafupa, ndipo mukuthamangitsa mayi ake."

Atuganile sanadziwe kuti chitenje chinatsika liti kumutu kwake. Anasuzumira pampata wa chitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire anawaona apongozi ake. Zaka zonsezi ankaopa chimunthu chachitali cha mawu ngati bingu. Pabwalopo panali kankhalamba konyowa.

"Ukufuna chiyani?" anafunsa mkuluyo.

"Kwa inu? Palibe. Koma Loweruka mayi uyu akanyamuka, Lamulungu ine ndikakhala kutsogolo m'tchalitchi. Anthu akadzionere okha mphuno yanuyi pankhope yanga."

A Mwakalobo anawerama movutikira, natola ndodo. Sanafunse kuti wakula bwanji, kapena amagona kuti. Sanafunsenso za mdzukulu amene ankabuula kuseri kwa khoma. Anangoyang'ana uku ndi uku ngati pali mnansi amene wamva.

"Nyumba iyi imve," anatero chapansipansi. "Za Loweruka zatha. Koma mlendo asagone pano."

Ananyamuka osacheuka.

Atuganile ankayembekeza kuti mtima wake udumpha. Sunadumphe. Anali atatsala ndi mwana wake, inde, koma sichinali chifundo chimene chinamusiya. Anali manyazi a munthu wina. Ndipo Lusajo? Ankadziwa, kapena nayenso analira nawo thunthu la nthochi?

Mlendoyo anabwerera kuchipinda, nasintha chitenje chimene chinali chitazizira pamawondo a Tusa, natenga kachikwama kake.

"Musapite ndi mvulayi," anatero Atuganile, atamugwira mkono. "Mafupa anu..."

"Anazolowera."

"Ndiye ndiuzeni dzina lokha. Akachira ndidzati anamusisita ndani?"

Mayiyo anayang'ana mwanayo, amene tsopano tulo tinali titayamba kumuba.

"Mwanayu anamupatsa dzina la malemu, si choncho?"

"Eya. La azakhali ake."

"Malemuwo ndine, mlamu. Tusajigwe Mwakalobo."