Tsiku Logumula Mlatho

Kuntchito ankamutchula kuti Tsache, ndipo dzinali silinkamuipira. Ntchito yake inali yosesa: kufufuza mizere ya khodi, malangizo olembera kompyuta, imene inatha ntchito m'pulogalamu yawo n'kuichotsa. Pulogalamuyo inali yosungira mbiri ya ntchito za anthu olemba mapulogalamu. Munthu akasintha mzere, iyo imasunga kuti wasintha ndani, liti, ndiponso kuti poyamba panali chiyani. Ndi pulogalamu yothandiza kwambiri, koma chifundo ndi mabanja a anthu ilibe.

Mwamuna wake, bambo a mapasa, ankagwiranso ntchito mu ofesi yomweyo, desiki yake pafupi ndi zenera. Tsache ankakhala kumbuyo kwake, moti akangodzutsa mutu ankaona sikirini yonse ya mwamunayo. Anthu amati kugwira ntchito limodzi ndi mwamuna wako n'kokoma. Onena zimenezo sanakhalepo kumbuyo kwake tsiku lathunthu.

M'pulogalamumo munali chigawo chimene onse ankachitcha mlatho. Chinalembedwa kalekale kuti anthu a makompyuta akale azithabe kutsegula mafayilo a mtundu watsopano. Anamanga mlathowo ndi anthu awiri: bambo a mapasa asanakwatire, ndi mayi wina amene ofesi yonse inkangomutcha Achemwali. Achemwaliwo anasiya ntchito Tsache asanabwere, ndipo nkhope yawo iye anali asanaionepo. Koma ukatsegula mlathowo n'kufunsa kuti analemba ndani, zinkatuluka zonyansa m'maso mwake: mzere uwu mwamuna wake, wotsatira Achemwali, winawo mwamuna wake, mosinthanasinthana ngati anthu omwera kapu imodzi.

Zopweteka kwambiri zinali timawu timene olemba khodi amasiyirana m'mbali mwa mizere. Pena Achemwali analemba kuti, "Apa usakhudze usanamwe tiyi." M'munsi mwake mwamuna wa Tsache anayankha kuti, "Ndamwa, ndakhudza, zaphulika." Munthu yemweyo akamalembera mkazi wake za ntchito ankangoti, "Konzani apa." Ndipo mlathowo ankautsegula popanda chifukwa, n'kumamwetulira yekha, phewa likugwedezeka. Tsache nsanje inkamuphika. Ankadziwa kuti n'zochititsa manyazi kuchitira nsanje mizere ya khodi, koma kudziwako sikunkamuchiritsa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pamsonkhano wa Lolemba, Tsache anaimika dzanja.

"Abwana, mlatho uja ugumulidwe. Ndafunsa onse amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yathu, palibe ali ndi makompyuta amenewo. Ena anawataya, ena akutsekera zitseko."

Anthu anaseka, kupatula bambo a mapasa.

"Koma sukulakwira munthu," anatero mwamunayo, maso ali pathebulo.

"Ukutilakwira tonse," Tsache anayankha. "Tikamayesa pulogalamu tisanaitulutse, timachedwa chifukwa cha iwo. Munthu amapita kukadya n'kubwerako mayeso asanathe. Tikukonza msewu wopita kumanda a makompyuta."

Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake anazinena mutu uli m'mwamba. Abwana anagwedeza mutu, anavomera. Kenako anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Chabwino. Koma mukudziwa mmene timachitira muno. Ntchito yaikulu ya munthu sitiichotsa kuseri. Mwiniwake timamuuza, ndipo ngati angathe, amabwera kudzadina yekha batani. Achemwali ayitanidwe. Ndani ali ndi nambala yawo?"

"Ndili nayo," anatero bambo a mapasa, funso lisanafike n'komwe pansi.

Tsache anamva kutentha m'makutu. Nambala ya mlamu wake weniweni munthuyu ankachita kufunsa nthawi zonse, koma iyi anali nayo. Tsache ankafuna kuchotsa mayiyo pasikirini, ndiye anangomuitanira pakhomo.

Masiku otsatira anali owawa. Mwamunayo anakameta, tsitsi lisanakule. Madzulo a Lachinayi anasita yekha shati, munthu amene ayironi ankaiopa ngati njoka. Mapasa anafunsa ngati adadi akupita ku ukwati.

"Afunseni eni ake," anatero mayi awo, akukwecha poto amene anali woyera kale.

Naye Tsache, tisamubisire, anakalukitsa tsitsi.

Achemwali anafika Lachisanu chakumasana. Tsache ankayembekezera chiphadzuwa cholowa ndi fungo la perefyumu. Analowa mayi wamfupi, wa nsapato zafulati, makiyi a galimoto ali m'manja, foni ikungolira m'chikwama. Tsopano anali ndi kampani yawo ya malole onyamula katundu, ndipo ananeneratu kuti sakhalitsa. Anapatsa moni abwana, anaseka nawo. Atafika kwa bambo a mapasa, amene anali ataimirira kale ndi shati yawo yosita, anawagwira dzanja n'kupendeketsa mutu.

"Inu ndi aja munkakhala pafupi ndi chitseko, eti?"

"Pazenera," anatero mwamunayo. "Tinkakhala tonse pazenera."

"Oo, zoona, zoona. Mwanenepatu."

Tsache anayang'ana pansi kuti asaseke. Anawakokera mpando, n'kutsegula mlatho pasikirini. Bambo a mapasa anaweramira pafupi, chala chikuloza timawu tija.

"Mukukumbukira apa? Tsiku lija magetsi anathima tisanasunge ntchito, tinayambiranso zonse. Inu munati mukalemba pakhoma kuti tiyi ayambe."

Achemwali anawerenga, milomo ikuyenda.

"Ndinalemba ndine zimenezi? Koma ndiye ndinalibe chochita." Anaseka, n'kuyang'ana wotchi. "Ine khodi ndinaiwala, achimwene. Panopa ndimalota matayala. Ndidine pati?"

Tsache anawalozera. Anadina ngati munthu wothimitsa getsi potuluka m'chipinda, ndipo mlatho wonse unachoka. Mayeso anayamba kuyenda, anatha tiyi asanazizire, onse obiriwira, kusonyeza kuti palibe chalakwika. Anthu anaomba m'manja. Abwana anati Tsache wasesa bwino, ndipo pulogalamu yapepuka. Achemwali ananyamula chikwama, anafunsa Tsache kumene analukitsa tsitsi, analonjeza kuti adzapitako, n'kutuluka akuyankha foni ya dalaivala amene lole inamufera panjira.

Apa mpamene Tsache ankayenera kuvina. Kwa kanthawi anasangalaladi. Mdani amene ankamusowetsa tulo anali mayi wotanganidwa ndi matayala, wosadziwa n'komwe kuti mwamuna wa eni ake ankakhala mbali iti ya ofesi. Mpaka anamumverako chisoni bambo a mapasa, amene anakhala masana onse manja ali pakiyibodi osalemba kanthu.

Ataweruka anatsika masitepe limodzi, kupita kukatenga ana kusukulu. Kunja kunali kutada ndi mitambo. Anadutsa pa shopu yokonza mafoni, anaoloka msewu. Tsache anafuna kungozisiya, koma lilime linamuyabwa.

"Shati yonseyi, munthu osakukumbukirani n'komwe."

Ankayembekezera kuti mwamunayo akwiya, kapena achita manyazi, kapena aseka n'kunena kuti zakale n'zakale. Chilichonse mwa zimenezi akanachilandira. Koma nkhope ya bambo a mapasa inangomasuka, kumwetulira kuja kwa pasikirini kunabwerera, phewa n'kugwedezeka.

"Iwo aja ndi choncho," anatero mofatsa. "Amaiwala chilichonse. Ambulera ankaisiya pansi pa desiki tsiku lililonse. Mvula ikayamba ndinkachita kuwathamangira nayo mpaka pa siteji ya basi, ine n'kubwerera nditanyowa."

Ananena mokoma, ngati munthu wosimba za kwawo. Tsache mtima unamuwawa kuposa masiku onse aja, chifukwa tsopano anadziwa kuti Achemwali analibe mlandu. Wosunga zonsezo anali munthu amene ankayenda naye pambali pakeyu, ndipo kumene anazisungako kunalibe batani loti wina adine.

Madontho anayamba kugwa. Tsache anatsegula chikwama n'kutulutsa ambulera yake, yopindidwa bwino monga mwa masiku onse. Chikwatiwire anali asanaiiwalepo, ndipo palibe anali atamuthamangirapo.