Taye wa a Paterson pa Mapu a ku Peckham

A Paterson, mlaliki wa ku London, anali munthu wouma khosi, ndipo mwana wawo Adrian anatengera komweko. Chikwatirireni mnyamatayo popanda ankhoswe n'kupita kukagwira ntchito ku Dubai, awiriwa sanaonanenso. Bambo ankati wamkulu sapita kwa mwana, mwana ndiye amabwera. Adrian naye ankati sangaponde pakhomo pomwe mkazi wake Amanda anamanidwa mpando. Koma tsopano dokotala anali atawauza bambowo mosabisa kuti maso awo akuzima, chaka chamawa sadzazindikiranso nkhope ya munthu.

Loweruka lina mu 2006 anapita kukasiya makiyi a tchalitchi kwa Peggy, mayi wa mumpingo mwawo amene ankagulitsa matikiti a ndege ku Peckham, mu London momwemo. Pakhoma la ofesiyo panali mapu aakulu. Mkuluyo anawayandikira mpaka mphuno kukhudza pepala.

"Mukusaka Dubai, bambo?" anafunsa Peggy.

"Ndani wanena za Dubai? Ndikufunsa timadontho iti m'nyanjamu."

"Ndi zisumbu za ku Greece. Ako mwalozako ndi Patmo."

A Paterson anachotsa chala ngati agwira moto. Chithawireni ku Malawi ali mnyamata, ulaliki wawo unali wa Patmo, chisumbu chimene Yohane anaponyedwako n'kuona kumwamba kutatseguka. "London ndiye Patmo wathu," ankatero paguwa mpaka ana kuloweza. Koma zoti malowo alipodi, ali ndi doko ndi anthu oyanika zovala, sanaziganizepo ndi tsiku limodzi lomwe.

"Munthu n'kupitako ndi thupi lomweli?"

"Eee, anthu amapitako pa holide! Ndege mpaka ku Athens, kenako sitima ya pamadzi."

Mkuluyo anavula taye wake. Anaika nsonga pa London n'kukokera ku chisumbuko, natsina pomwe wathera. Kenako, kuyambira pa chisumbupo, anamutembenuzira kummawa, kudutsa nyanja, kudutsa mchenga wachikasu wosatha uja, ndipo tayeyo anakathera pafupi ndi Dubai. Anayezanso kachiwiri. Mumtima mwawo chipululu chinali cha Mose, choyenda mpaka nsapato kutha, ndiye apa chakwana mu kansalu ka pakhosi!

Peggy anati, "Naye Adrian n'chimodzimodzi, bambo. Akadya kadzutsa m'chipululu, nkhomaliro akadyera ku Greece."

Mantha ndi chimwemwe zinawagwira pamodzi mpaka anakhala pansi. Chisumbu chomwe anachilalikira moyo wonse chinali chiimire pakati pa iwo ndi mwana wawo. Kumeneko kunalibe khomo la bambo, kunalibenso la mwana.

Peggy sanadikire kuuzidwa, anaimbira foni Adrian n'kumuuza zokakumana ku Patmo. Adrian anayamba ndi Chingerezi chake chothamanga, koma anachisiya atamva za maso aja. Pomaliza anayankha m'Chichewa chotsimphina, "Tibwera, adadi. Ine ndi Amanda."

Foni itadulidwa, Peggy anatembenukira pa kompyuta, akumwetulira chifukwa ankawadziwa bwino mkuluyo.

"Pali ndege ya Lachitatu ndi ya Lachisanu. Iwo afika Lachinayi. Ndikubukireni ya Lachitatu, kuti akakupezeni mutakhala kale, abwere okha kudzakupatsani moni."

A Paterson anayang'ananso pakhoma paja, koma kadontho kaja sanakaonenso, kanali katasungunuka m'nkhungu ya m'maso mwawo. Anapinda taye uja pang'onopang'ono.

"Ayi, mwanangu, lemba ya Lachisanu. Ndipita kwa iye ndine."