Dzina la pa Fomu

Keturah anachenjeza tsiku lolemba fomu lomwelo, kunyumba kwawo ku Leicester, ku Mangalande, mwana ali kubere.

"Pa fomu ya pasipoti mulembe dzina limene lili pa satifiketi yobadwira. Chonde, musalembe lina."

Mwamuna wake Lackson anangoseka, cholembera chili kukamwa. Apongozi a Keturah, amene ankaonerera pa foni ali ku Dedza, nawonso anaseka.

Nkhani inali yakuti mwanayo anali ndi mayina awiri. Atabadwa, a kuchipatala anati akalembetsedwe masabata asanu ndi limodzi asanathe. Kumudzi anali asanagwirizane za dzina, ndiye Keturah, munthu woti mtima umamugunda ngakhale ikabwera kalata ya bilu ya gasi, anakalembetsa dzina lakuti Rachael. Patangopita masiku atatu apongozi anaimba akulira ndi chimwemwe. Anati mwanayo ndi Chiletso, dzina la malemu mng'ono wawo.

"Ndiye dzina lochokera kwa agogo ake lisowe pa pasipoti ya ku Malawi?" anatero Lackson. "Mayi angandione bwanji? Kuofesi ya kazembe kuli anthu akwathu, amadziwa kuti mwana amatchulidwa kumudzi. Iwe umangoopa zilizonse."

Analemba Chiletso n'kutumiza ku London.

Lackson anali atamaliza digiri yachiwiri ya uinjiniya ku Loughborough ndipo anali atapatsidwa malo a PhD. Mlangizi wa payunivesite anamuuza kuti popeza akukwera ndi maphunziro, angathe kupempha viza yatsopano ali konkuno, mkazi ndi mwana n'kulowa nawo, bola atumize viza yakale isanathe. Keturah anazunguliza tsikulo ndi inki yofiira pa kalendala ya kubutchala imene inali kukhitchini. Linali Lachisanu.

Lolemba la sabata imeneyo, envulopu yakhaki inagwera pakhomo. Munalibe pasipoti. Munali fomu yomwe ija ndi kakalata: mayina sakugwirizana ndi satifiketi, kholo libwere lidzalembe yatsopano.

Lackson anafika madzulo, nkhope itagwa. Sanavule ngakhale jekete.

"Ndawaimbira onse," anatero. "Mlangizi akuti kalata yochokera kwa kazembe, yonena kuti pasipoti ikukonzedwa, itithandiza pakadali pano. Koma wosaina aliko mawa lokha, mpaka teni koloko. Ine mawa ndikalembetsa maphunziro. Ndikajomba, pepala lopemphera viza sindilandira. Apo ayi, titumize za ife awiri, za mwana zidzatsatire."

Keturah anayang'ana mwana amene anagona pampando, timanja tili m'mwamba ngati wagonja pa mlandu. Kamunthu aka kokha kakhale kopanda pepala m'dziko la eni? Akadwala usiku, kuchipatala akamufunsa chiyani? Mawu akuti "ndinanena ine" anafika pakamwa. Koma ataona khutu la mwamuna wake likunjenjemera monga limachitira akalakwa, anawameza.

Pamasitepe panamveka masilipasi. Anali Anti Mehrunisa, eni nyumba okhala pansi, amene anabadwira ku Limbe n'kubwera m'dera lino la Spinney Hill ali mtsikana. Chichewa chawo chinali chakale, cha mumsika, ndipo makoma a nyumbayo sankawabisira kanthu.

"Mwana wanga Lakisoni," anatero akuika mbale ya samusa patebulo, "masamu a mainjini umakhoza, koma kukopera dzina kwakukanika?"

"Anti, musandiwonjezere."

"Ndikuwonjezera! Ine kwathu ndine Mehru, kusukulu masisitere ankanditcha Mary, amuna anga amangoti 'iwe'. Koma pa pepala ndine mmodzi. Agogo ake aziitana Chiletso mpaka mawu athe, mwana adzayankha. Pepala silimva za agogo."

Lackson anaseka pang'ono, kenako anagwira phazi la mwana. "Pepa, mayi. Bambo ako ndi mbutuma."

Keturah anali asanatulukepo mu Leicester yekha. Ngakhale popita ku Beaumont Leys ankawerenga masiteji ndi zala, kuopa kupitirira. Za London ankangomva kuti masitima amayenda pansi pa nthaka ndipo munthu ukasochera palibe wokufunsa. Anatsegula kabati, n'kutulutsa chikwama cha pulasitiki mmene ankasungamo mapepala onse motsatana, lililonse ndi fotokope yake.

"Basi yoyamba ya ku London imanyamuka nthawi yanji?"

"Folo koloko m'bandakucha," anayankha Anti Mehrunisa. "Amuna anga a Mahomed akakutula pa siteshoni, amakhala atadzuka kale. Mwana umubereke, kangolo ka mwana kakakuvutitsa pa masitepe."

"Iweyo?" anafunsa Lackson. "London? Wekha?"

"Sindili ndekha, ndili ndi Rachael." Anaika matewera asanu ndi limodzi m'chikwama, anaganiza, n'kuwonjezera awiri. "Mundijambulire mapu papepala, foni ikhoza kuzima. Mulembe zilembo zikuluzikulu. Ndipo mayi muwaimbire nokha, muwafotokozere bwinobwino, asamve ngati dzina lawo talitaya."

"Ndiwauza kuti chiyani?"

"Muwauze kuti pakhomo pano ndinu bambo a Chiletso, ndipo mudzakhala choncho. Tsopano bweretsani cholembera chija. Fomu ya mawa ndikalemba ndine."

Anatchera alamu pa hafu pasiti fili, n'kuika nsapato zake pafupi ndi chitseko.