Pa Mtanda Foni Sinagwire

Ilarie Tudose anali ndi manja ophwanya zinthu. Chaka chimodzi chokha mafoni awiri anathera m'manja mwake: ina inagwa pangolo n'kupondedwa ndi hatchi, inzake inapanikizika pakati pa zipika kunkhalango. Ndiye mwana wake Sorin, mmisiri womanga nyumba ku Torino, atabwera kudzadya Pasaka kumudzi, anasolola m'chikwama foni yatsopano yovekedwa kava yachitsulo, yolemera ngati chidutswa cha njerwa, yomangidwa ndi timabawuti m'makona.

"Iyi yokha, ababa, mukaiphwanya ndidziwa kuti mumatamba," anatero Sorin.

Ilarie anaitembenuza uku ndi uku, anaigogoda ndi chikhadabo, kenako phi! pamwala wa pakhomo. Mkazi wake Domnica anagwira kumutu. Foni inanjanja n'kukagwera m'matope, ndipo ataitola inali yosasweka, ngakhale kang'alu. Tsikulo lisanathe mudzi wonse wa Brazeni unali utadziwa, poti ku bala ya Gavrila anaiponya kangapo konse, ndipo aliyense wofuna kuona ankayamba wamugulira kachasu wa mapulamu.

Sorin atabwerera ku ntchito, Domnica ndiye anayamba kuona kuti china chake sichili bwino. Pakhomopo foni inali imodzi. Zakale zija zinkakhala pazenera la kukhitchini ndipo zinkalira pomwepo, iye akusenda mbatata. Yatsopanoyi inkangokhala duu. Kuti alankhule ndi mwana wake ankachita kutuluka, kukaima pa mulu wa manyowa kuseri kwa khola, ndipo ngakhale pamenepo mawu ankabwera odukaduka.

"Chifoni chanuchi n'chogontha," anauza mwamuna wake tsiku lina.

"Wogontha ndiwe. Ndi akampani awa. Nsanja yawo ija aitembenuzira kumahotela, kwa anthu a ndalama."

"Nanga ya Gavrila ikulira bwanji?"

"Gavrila ali pamtunda. Kapena ukufuna ndikusamutsire kwa Gavrila?"

"Akanandifuna bwenzi nditapita kalekale. Iye uja saponya mphatso za ana pamiyala."

Ilarie anaseka mpaka kutsokomola, nkhani n'kuthera pomwepo. Akampani anatukwanidwa chilimwe chonse.

Masamba atayamba kuyoyoka, inakwana nthawi yokadula nkhuni za nyengo ya chisanu. Kale Ilarie ankapita ndi amuna anzake, koma anyamata a m'mudzimo onse anali ku Italy ndi ku Spain, otsala anali nkhalamba zokhazokha, aliyense ndi msana wake. Ndiye ankapita ndi Domnica. Iye ankadula, mkazi wake ankagwira hatchi yawo, Murgu, n'kumakoka zipika kupita nazo pangolo.

Tsikulo anakwera kutali, kuseri kwa phiri, kumene mitengo youma inali ikadalipo. Anadya buledi ndi tchizi ndi anyezi atakhala pachitsa. Atatha, Ilarie analiza macheka ake a injini n'kuyamba mtengo waukulu wa paini. Mtengowo unapendekeka, koma m'malo mogwa unakakodwa m'nthambi za unzake, n'kukhala lende.

"Usiyeni, mphepo idzaugwetsa yokha," anatero Domnica.

"Mphepo idzatibweretseranso kunyumba?"

Analowa kunsi kwake ndi unyolo kuti aumange. Domnica anamva kuthetheka m'mwamba, anaona Murgu akudzuma, kenako nthaka inagwedezeka. Masamba atasiya kugwa, anaona mwamuna wake ali chagada, thunthu la mtengo lili pantchafu. Chitsa cha nthambi yothyoka chinali chitalowa m'mnofu, magazi akutuluka mochita kutumpha.

Anayesa kunyamula mtengowo ndi manja, wosasuntha n'komwe. Anathamangira unyolo kuti Murgu akoke.

"Ayi! Ukakoka unding'amba!" anakuwa Ilarie. "Vula lamba wangayu, umange pamwamba apa. Limbitsa. Limbitsanso, mayi iwe, sukumanga mtolo wa udzu!"

Anamanga mpaka zala zinachita dzanzi. Magazi anachepa koma sanaleke. Ilarie anapisa m'thumba la jekete n'kumupatsa foni, manja onse ali psuu.

"Thamangira pa mtanda. Uimbe ambulansi, kenako Gavrila abwere ndi thirakitala."

Mtandawo unali pamsonga pa phiri, wamatabwa, woikidwa ndi makolo akale. Abusa a nkhosa ndi odula mitengo onse ankadziwa kuti kuseri konseko malo ogwira netiweki ndi pamenepo pokha. Koma unali kumtunda, pomwe mudzi unali kumunsi. Domnica anakwera chokwawa, akugwira mizu ndi miyala, mpango utagwa kale kumutu. Anali mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, wa maondo otupa, koma tsikulo sanawamve.

Atafika anayang'ana pafoni. Panalibe kamzere ngakhale kamodzi. Anaikweza m'mwamba. Anakwera pamwala umene mtandawo unazikidwapo, anatembenukira kum'mawa, kumadzulo, kumene kuli nsanja. Anadina nambala ya ngozi, anaika kukhutu: zii. Anadinanso. Kamzere kamodzi kanatulukira, koma asanadine kanazimanso. Anaipukuta magazi ndi siketi poganiza kuti mwina ndi amene akutchinga. Anaigogoda pamtanda. Anatchula oyera mtima onse amene ankawadziwa, kenako anawatukwana. Sanadziwe kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji, koma pamene ankatsika mithunzi ya mitengo inali itasuntha.

Anapeza Ilarie milomo itayera.

"Akubwera?"

"Sikugwira, Ilarie. Ndayesa ponseponse."

"Akampani aja," anatero, akuyesa kuseka. "Masula Murgu. Kwera."

"Sindikusiyani nokha."

"Ukhala pano kuti undiyimbire nyimbo? Pita!"

Domnica anali asanakwerepo hatchi chichokere utsikana wake. Anagona pamsana pa Murgu atakumbatira khosi, nthambi zikumukwapula kumaso, n'kutsika phirilo. Atafika pa bala ya Gavrila anagwa pansi ngati thumba. Mawu amene anatha kutulutsa anali awiri okha: "Ilarie! Mtengo!"

Gavrila anaimba ambulansi pomwepo, anasonkhanitsa nkhalamba zinzake, anakwera ndi thirakitala. Anakapeza Ilarie atazizira kale. Mbali zonse ziwiri anali atakumba dothi ndi zala mpaka kufika pamizu. Dokotala wa pa ambulansi anauza Gavrila kuti bala lotere munthu amapulumuka nalo akafikiridwa msanga, ndipo Gavrila, posadziwa kusunga mawu, anauza mudzi wonse.

Sorin anafika ndi mkazi wake Ruxandra maliro asanaikidwe. Anthu ankabwera, ankayatsa makandulo, ankapsompsona dzanja la malemu, Domnica ali pampando pambali pa bokosi, maso ali gwa. Palibe anamufunsa za kuphiri.

Ataika maliro, alendo atabalalika, anatenga foni ija kuti aitsuke. Magazi anali ataumira m'mipata ya kava, ndipo nsalu sinkafikamo. Ruxandra anamupeza akukolokosa ndi singano.

"Dikirani, amayi, ili ndi kakiyi kake."

Anakapeza m'kabati, anamasula timabawuti tija, n'kuitulutsa foniyo. Inali yopyapyala, yoyera bwino ngati yogula kumene. Anaiika patebulo n'kutenga kava kupita nayo kubeseni. Asanaviike m'madzi, foni inalira. Uthenga unalowa, wina, winanso, kenako inayamba kuitana. Anali msuweni wa Ilarie wa ku Spain, wopepesa maliro, ndipo mawu ake ankamveka ngati ali pakhomo.

Domnica anamuyankha mwachidule n'kudula. Anayang'ana mpongozi wake.

"M'nyumba muno chibwerereni sinalirepo."

Ruxandra anaitenga, anayang'ana timizere ta netiweki. Anaibwezera m'kava, anapanikiza ndi manja, n'kudikira. Timizere tija tinatsika kamodzikamodzi mpaka kutheratu. Anaitulutsanso, tinabwerera. Mtsikanayo anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Chitsulo chimatchinga, amayi," anatero motsitsa mawu. "Wogulitsa uja ananena ndithu kuti chimadulako pang'ono. Tinaiyesa m'sitolo momwemo, inkagwira bwinobwino. Koma ku Torino nsanja zili paliponse, ukadulako pang'ono yambiri imatsala. Kuno ndi yochepa kale. Ine ndinkati tigule ya labala. Sorin anati ayi, bambo anga amafunika chitsulo."

"Ali kuti?"

"Apita kumanda ndi ansembe. Amayi, tsiku lija munayesa kuimba?"

Domnica anamuuza zonse: za mtanda, za kamzere kamene kanabwera n'kuzima, za mithunzi. Ruxandra analira atatseka pakamwa ndi epuloni.

"Sorin akadziwa sakhalanso munthu. Panopa kale sakudya, sakugona. Akungoti ndikanakhala kuno bwenzi ndili ine pansi pa mtengo uja."

M'mawa mwake Domnica ananena kuti akupita kukatenga nkhwangwa imene inatsala kunkhalango, ndipo anakana woperekeza. Anadutsa pamtengo paja osayang'anapo, n'kukwera mpaka pa mtanda. Ulendo uno maondo anawamva. Anatulutsa foni yopanda kava ija m'thumba. Timizere tiwiri tinali poonekera, osagwedezeka. Anadina nambala ya Gavrila.

"Halo? Domnica? Uli kuti, mlongo wanga? Halo?"

Anadula. Anakhala pamwalapo mpaka thukuta linamuumira pamsana. Potsika anaponya kava ija m'chigwembe cha madzi, n'kutenga nkhwangwa.

Koma Sorin sanali wopusa. Anaona foni ili pazenera yopanda chovala, anaimva ikulira m'khitchini. Tsiku loti mawa lake anyamuka, atakhala patebulo atatu, anakankhira mbale ya msuzi kutali.

"Amayi, kava ija ili kuti?"

"Ndinataya. Inali ndi magazi a bambo ako."

"Chiichotsereni foni ikulira m'nyumba muno. Ndiuzeni zoona. Munakwera pa mtanda, foni n'kukana?"

Domnica anamuyang'ana. Anali ndi mapewa a bambo ake, koma nkhope inali itagwa, ndevu zosameta, maso ofiira ngati a mwana amene akudikira chikwapu. Pansi pa tebulo anagwira dzanja la Ruxandra n'kulifinya.

"Sindinakwereko."

"Mwati chiyani?"

"Bambo ako anandiuza kuti ndithamangire pa mtanda. Ine mutu unasokonezeka ndi magazi aja. Ndinazungulirazungulira m'nkhalango, kenako ndinakwera hatchi. Foni ndinaikumbukira ndili kale m'mudzi."

Domnica anaona mapewa a Sorin akumasuka, mpweya ukutuluka. Kenako anaona china chikulowa m'maso mwake.

"Mtanda uli pompo, pamwamba pomwepo. Mwana wamng'ono amadziwa."

"Ndikudziwa."

"Anakuuzani ndi pakamwa pawo, inu n'kutenga njira yaitali? Foni ili m'thumba?"

"Sorin, chonde," anatero Ruxandra. Domnica anafinyanso dzanja lija mpaka mtsikanayo anatseka pakamwa.

"Dokotala anati akanapulumuka. Mwamva, amayi? Akanapulumuka!" Anaimirira, mpando unagwa chagada. "Ndinagula foni ija kuti zoterezi zisachitike."

Anatuluka. Domnica anamumva akuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba, mwaukali, mpaka mulu wonse unatha. Madzulo ake anabwera n'kudya mbale ziwiri, osayang'ana mayi ake.

Ponyamuka anawapsompsona patsaya mothamanga, ngati mmene amachitira munthu ndi mlendo wa kutchalitchi. Ruxandra ndiye anawakumbatira nthawi yaitali, mpaka Sorin analiza hutala.

Chipale chofewa chinagwa msanga chaka chimenecho. Domnica anagulitsa Murgu kwa munthu wa kutsidya, poti analibe womudulira udzu. Sorin ankaimba Lamulungu lililonse, kufunsa ngati denga likudontha ndiponso ngati nkhuni zikukwana, n'kudula. Ruxandra ankaimba mkati mwa sabata, mwamuna wake ali ku ntchito. Ankati Sorin wayambanso kugona, wanenepako, ndipo ankamaliza ndi funso lomwelomwelo, loti kodi tsiku lina asadzamuuze zoona. Domnica ankayankha kuti akadzatero asadzapondenso pakhomo pake.

Nkhani yoti Domnica sanakwere pa mtanda sinakhale m'nyumba. Sorin anali atauza Gavrila asananyamuke, ndipo mudzi unaitafuna bwinobwino. Amayi akamadutsa pachipata chake ankatsitsa mawu. Ena ankati n'zachisoni, mantha amapha nzeru. Ena ankati mkazi wa wodula mitengo sayenera kukhala wotero.

Pa mwambo wokumbukira malemu, Sorin sanabwere. Anati abwana amukaniza. Domnica anaphika yekha tirigu wa maliro, anaphika ndi buledi, n'kuima pakhomo la tchalitchi akugawira anthu otuluka, aliyense buledi ndi kandulo. Mlamu wake Safta, mlongo wamkulu wa Ilarie, anafika pamapeto, akutsimphina ndi ndodo. Analandira buledi, anamuyang'ana Domnica kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mulungu akukhululukire, Domnica. Ine ndikuyesetsa."

"Ameni," anatero Domnica, n'kumuyatsira kandulo.