Mulu wa Chamba Kuseri kwa Nyumba ya Violet

Lachinayi m'mawa, tsiku la Chigwirizano cha amayi, Violet anavala yunifomu yake: bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku kumutu. Koma ku tchalitchi sanapite. Anazungulira kuseri kwa nyumba, nakwera pamwamba pa mulu wa chamba chimene anadula dzulo lake, nakhala pamenepo atatambasula miyendo ngati wosenda mtedza.

Malo amenewo, kufupi ndi mafakitale a ku Kafue, kale anali dimba lake. Mwamuna wake, malemu David, ntchito ya ku njanji itatha, anamangapo shedi yophwanyiramo mabatire akutha, a mafoni ndi a sola. Shediyo inapsa chaka chimene David anamwalira, ndipo mvula inalowetsa zonse pansi. Repu anayamba kumera wopiringizika masamba. Gwendolyn, mayi wa ku yunivesite woyeza nthaka, anapezamo lithiyamu wambiri, mankhwala a m'mabatire aja. Anabwera ndi mbewu ya chamba, chilolezo cha boma ndi waya wa mpanda. Chamba ichi si chosuta, anatero, n'cha luzi. Mizu yake imayamwa poizoni n'kumukweza m'mapesi ndi m'masamba. Chikakula mumadula, lole n'kudzachitenga, ndipo chaka ndi chaka nthaka imapepukidwa. Koma osachitenthera pomwepo ayi: phulusa lingabwezere pansi zonse zimene mizu inatulutsa.

Lole inayenera kufika masana. A Gideon, mkulu wa mpingo, anafika dzuwa lisanakwere, chigubu cha palafini kumanja. Pambuyo pawo panali amayi a Chigwirizano khumi ndi awiri, akuimba chapansipansi ngati opita kumaliro.

"Amake Boyd, selukani," anatero a Gideon, akumulozera pansi.

"Mwauka bwanji, ba Gideon. Nakhala bwino pano."

"Tauni yonse ikamba ati mpingo wathu ulima chamba. Ku maliketi, mu minibasi, konse. Akulu tinagamula, titenthe lelo, anthu aone."

"Pepala ya boma munaiona."

"Pepala siisintha fungo, mai."

A Gideon sanali munthu woipa, ndipo Violet anadziwa zimenezo. Ndi iwo amene ananyamula bokosi la David mbali ya kumutu. Anali ndi mwana wawo wamwamuna amene chamba chenicheni chinamusandutsa wotola mapepala pa siteshoni, ndipo masamba a zala zisanu aja akawaona, mtima wawo unkatuluka magazi. Koma chisoni cha munthu sichiyeretsa nthaka.

Apo Violet anaona kuti Felistus, mnzake wa pa benchi imodzi m'kwaya, wafungatira beseni.

"Ba Felistus, beseni ni ya chani?"

"Ah, nati phulusa isaonongeke chabe. Mapesi so yamachosa chidulo chabwino. Pa Chiweru kuli kicheni pate ya mwana wanga amene akwatiwa, delele ni yambili."

Amayi ena anaseka. Violet sanaseke nawo. M'maganizo anaona madzi a phulusa lija akudontha m'mphika wa therere, mbale zikuzungulira, mkwatibwi akunyambita zala.

"Mvelani," anatero Violet. "Ine ninagulisa repu ya pano miyezi inai nisanaziwe. Bana banu banadya. Imwe ba Gideon munagula, munapempha na mbasela. Iyo nkhani nimaikamba na Mulungu masiku onse. Nyumba yanga ndiye inadwalisa iyi nthaka, nyumba yanga ndiye izaisamba. Manje mufuna nikupaseni futi poizoni mu delele?"

"Mulungu angachilitse nthaka popanda chamba," anatero a Gideon.

"Angathe. Koma amene anapanga chimanga ndiye anapanganso ichi, ndipo sanakufunseni."

Kutali kunkamveka sitima ikukoka mabogi. A Gideon anaika chigubu pansi, natsegula chotsekera chake pang'onopang'ono, kuti aliyense aone.

"Ngati simuseluka, yunifomu iyo muvule. Simungakhale pa chamba na vovala va Ambuye."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi Violet anavala yunifomuyo. Anasambitsa nayo mitembo, anayendera nayo odwala mpaka ku Chanyanya pa njinga yobwereka, ndipo anali atauza kale Boyd kuti tsiku lake likadzafika adzamuike m'manda ataivala. Anakweza manja, namasula duku. Imvi zinaonekera poyera. Analipinda bwinobwino, kanayi, naliponya pa mapazi a mkulu wa mpingo.

"Bulauzi nizabwelesa pa Sondo, yowasha, yosita. Pano siningavule, pali mwamuna. Machisa muli nayo ka? Yashani. Nili pamene pano."

A Gideon anatulutsa bokosi la machesi, naligwedeza. Anayang'ana mulu, nayang'ana mayi wokhala pamwamba pake, amene anali atayamba kung'ung'udza nyimbo ija amaimba potsitsa bokosi m'manda. Palibe mayi amene anapolokoza. Palibenso amene anamuletsa.

Felistus anayang'ana m'beseni lake nthawi yaitali. Kenako analivundikira pansi, napondapo, nakwera pa mulu akuwefuka.

"Sendelani, imwe. Mwatenga malo yonse monga ni mupando wa basi." Atakhala anatembenukira kwa a Gideon. "Ine vamene akamba ba yunivesite sinivimvela. Koma uyu ni zaka twente tiimba pamozi, sananinamepo."

Amayi awiri anabwerera kwawo osatsanzika. Otsalawo anakakhala pa mthunzi wa mango, kudikira kuti aone. A Gideon anaima pa dzuwa mpaka thukuta linanyowetsa jekete. Pomaliza anatseka chigubu, nawerama kutola duku, nalisasa fumbi ndi ulemu wonse.

"Akulu azakuitanani," anatero, natuluka pa geti duku lili m'manja.

Lole inafika mochedwa, dzuwa litapendeka. Violet anatsika miyendo itachita dzanzi, nayamba kunyamula mitolo wopanda kanthu kumutu, bulauzi itada ndi masamba. Sanalole ngakhale phesi limodzi kutsala pansi. Dalaivala atamanga tenti pamwamba pa mitolo, iye anagogoda pa chitseko cha lole.

"Mukauze ba Gwendolyn, mbeu ibwele mvula isanayambe. Chaka chino nifuna kubyala mpaka ku ngalande, kumalile kwa munda."