Maliro a Luckness Opanda Nyimbo

A Enoki anali mkulu wa mpingo woongoka kwabasi, ndipo kuongokako ankakudziwa okha kuposa wina aliyense. Ku Msakambewa konse ankati munthu ameneyu sakondera. Mwana wawo Luckness atatenga mimba yapathengo, anakamunenera okha ku bwalo la akulu a mpingo mpaka anadulidwa. Anthu anawatama, eni ake n'kumamva kukoma.

Luckness sanawiringule. Chaka chathunthu ankakhala pa benchi lakumbuyo, mwana kumsana, osajomba kalasi ya olapa. Chinatsala n'chimodzi: mkulu wa dera lake akamutchule ku bwalo kuti abwezeredwe mumpingo. Tsoka lake, mkuluyo anali bambo ake omwe.

"Ababa, mukanditchuleko mwezi uno," anawapempha tsiku lina akusoka fodya m'chigafa.

"Dikira kaye. Ndikafulumira, anthu adzati Enoki wayamba kukondera."

Bwalo linakumana kawiri, a Enoki ali duu. Akazi awo, a Iness, analankhula mpaka malovu kuuma, koma aa, mumawadziwa amuna akamateteza mbiri.

Kenaka malungo, masiku atatu okha basi. Luckness anatsirizikira pa ngolo, chipatala cha Madisi chikuonekera chapatali.

Lamulo a Enoki ankalidziwa bwino, si iwo omwe ankaliumirira pa maliro a ana a eni? Wodulidwa saimbiridwa nyimbo za mpingo, amayi a mpingo savala yunifolomu. M'mawa wa tsiku loika, abusa anawaitanira kuseri kwa nkhokwe.

"A Enoki, dera ndi lanu. Mwanayu anaonetsa kulapa?"

Akanatha kungoti nthawi inali isanakwane, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mtima unali utasweka, bodza linakanika kutuluka.

"Analapa kalekale, abusa. Anandipempha, ine n'kumasunga mbiri yanga. Woyenera kudulidwa ndine."

Abusa anawerama. "Pemphero ndipereka. Nyimbo sindingaloleze pandekha, bwalo silinamubwezere."

A Enoki anakaima pakati pa anamfedwa, nanena zomwezo mokweza, natula pansi ukulu. Panalibe wowaombera m'manja. Ena anangopukusa mitu.

Bokosi linakwera chitunda cha kumanda popanda woyambitsa nyimbo. Kunkangomveka mapazi ndi kulira kwa amayi. Chisoni chinawagwira a Enoki, ankangopemphera chamumtima kuti Mulungu amve zimene iwo anakana kumva.

Adzukulu okumba manda ataundira dothi, anthu anayamba kubalalika. A Iness anabwera pafupi, khanda lamasiye lili kumsana. Chiyambire dzulo lake anali asanawalankhule amuna awo.

"Bambo a Luckness, pa ngolo paja anandifunsa ngati munakamutchula."

A Iness anapitiriza.

"Ndinamunamiza kuti eya, munamutchula. Anati ndikuthokozereni."